Kandulo Imaweruzidwa Ili Chiyakire

Nkhani yathu ya lero yamanga msasa pa zilumba za Likoma ndi Chizumulu. Tikamba za kandulo. Ndikudziwa kuti ena mwayamba kale kuseka, poganiza kuti kandulo ndi kanthu kochepa kosayenera kutayirapo nthawi ya pa wailesi. Koma kafunseni mayi amene mwana wake akukonzekera mayeso usiku umene magetsi azima, kapena munthu amene anagula phula ndi ndalama zake zomaliza, napanga makandulo 40, ogula n'kumubwezera onse chifukwa cha utsi. Iwowo adzakuuzani kuti kanthu kameneka kali ndi milandu yake.

Mlendo wofika pa Likoma amayamba waona miyala ndi milambe, kenaka maso ake amagwera pa tchalitchi chachikulu cha St Peter pa Chipyela. Amishoni a bungwe la UMCA anakhazikika pachilumbachi mu 1885. Bishopu Gerard Trower anaika mwala wa maziko a tchalitchicho mu 1903, ndipo chinapatulidwa mu 1911. Mapemphero a mpingo wa Anglican amene amishoniwo anabwera nawo amalemekeza kandulo: imayaka pa guwa, imayaka pa Pasaka, ndipo m'mipingo ya mwambo umenewu tsiku la 2 February ndi lodalitsa makandulo. Chotero mwana wa pa Likoma amakula akuiona kandulo m'malo aulemu. Komabe kandulo ya m'nyumba mwawo imachokera kutali, monga mmene sopo ndi shuga zimachokera kutali. Imakwera bwato, kapena sitima ya Ilala imene inayamba kuyenda panyanjayi mu 1951, ndipo ikakhala masiku angapo m'golosale yofoleredwa ndi malata mwezi wa October, imatuluka m'pepala ili yokhota ngati nthochi. Munthu wokhala pamalo otere ali ndi chifukwa chabwino chosungira tizidutswa totsala, kutisungunula, ndi kuyesa kupanga kandulo yakeyake. Ena amayamba motero pofuna kupulumutsa ndalama, kenaka ntchitoyo imawalowa m'mtima n'kusanduka chisangalalo cha masana a Loweruka.

Phula loyera la makandulo a m'sitolo lili ndi ubale ndi mbiri ya chilumbachi, ngakhale kuti ubalewo sukambidwa kawirikawiri. Mu 1850 munthu wa ku Scotland, James Young, analembetsa ku boma la kwawo njira yake yotchezera mafuta ndi phula kuchokera ku malasha. Young anali bwenzi la David Livingstone kuyambira pamene anakumana pa maphunziro ku Glasgow, ndipo chuma chimene anachipeza ndi parafini chinathandiza kulipirira maulendo a Livingstone. Livingstone yemweyo ndiye analankhula ku Cambridge mu 1857 mawu amene anabala bungwe la UMCA. M'tchalitchi cha pa Likoma muli kamtanda kosemedwa ndi mtengo wa ku Chitambo, kumene iye anamwalira mu 1873. Masiku ano phula la parafini limachokera ku mafuta okumbidwa pansi, osatinso ku malasha, koma dzina lake likadali lomwelo.

Tisanagwire phula, tiyeni timvetse chimene chimachitika kandulo ikamayaka, pakuti wosadziwa chimenechi amangokhalira kulota akafuna kukonza cholakwa. Kumapeto kwa 1860 katswiri wa sayansi Michael Faraday anaphunzitsa ana a ku London maphunziro 6 onena za kandulo yokha, ndipo maphunzirowo anasindikizidwa m'buku mu 1861. Mfundo yake yaikulu ndi iyi: phula lolimba siliyaka. Kutentha kwa lawi kumasungunula phula la pamwamba, pamene mpweya wozizira wokwera m'mbali mwa kandulo umalimbitsa m'mphepete, kotero kuti pamwambapo pamapangika kambale kosunga phula lamadzimadzi. Chingwe chimamwa phulalo monga mmene nsalu yoviikidwa nsonga m'madzi imanyowera pang'onopang'ono chokwera. Likafika m'kati mwa lawi, phula limasanduka nthunzi, ndipo nthunziyo ndiyo imayaka. Mungathe kudzionera nokha usiku uno. Zimitsani kandulo, ndipo msangamsanga yandikizani machesi woyaka ku kautsi koyera kamene kakukwera kuchokera kuchingwe. Mudzaona lawi likutsetsereka ndi kautsiko mpaka kandulo kuyakanso, machesi asanakhudze chingwe.

Ndiye kuti kandulo ndi pangano la pakati pa chingwe ndi phula. Chingwe chikamwa phula lambiri kuposa limene lawi lingathe kutentha, pamatuluka utsi ndi mwaye. Chikamwa lochepa, phula losungunuka limachuluka m'kambale muja n'kumiza lawi. Luso lonse la ntchitoyi lagona pa kulinganiza ziwirizi, ndipo palibe diso la munthu limene lingaone ngati zalingana kandulo isanayatsidwe.

Phula labwino koposa limene tingalipeze kwathu kuno ndi la njuchi. Limasungunuka pa madigiri 62 mpaka 64 a muyeso wa Celsius, pamene mitundu yambiri ya phula la parafini imafewa pa kutentha kocheperapo. N'chifukwa chake kandulo ya phula la njuchi siikhota msanga m'chilimwe cha kunyanja. Imayakanso nthawi yaitali, ndipo imanunkhira uchi popanda kuthiramo chilichonse. Chomvetsa chisoni n'chakuti alimi ambiri a njuchi akafinya uchi amataya zisa kudzala, osadziwa kuti njuchi zimadya makilogalamu 6 mpaka 8 a uchi kuti zipange kilogalamu imodzi ya phula. Inu a pa Likoma amene muli ndi abale osunga ming'oma ku Nkhata Bay, kapena kutsidya kwa Cobué ku Mozambique, auzeni kuti zisa zofinyidwazo azikusungirani.

Pali mlendo wina amene analidziwa phindu la phula ife tisanalidziwe, ndiye kambalame kolondolera alenje ku njuchi, kamene timakatcha nsadzu ndipo Ayao amati sego. Kambalameka kamadya phula. Wansembe wa Chipwitikizi João dos Santos, ali ku Sofala mu 1588, anaona kakulowa m'tchalitchi chake kudzera m'ming'alu n'kumajompha phula pa zoikapo makandulo. Mpaka lero alenje a uchi a m'nkhalango za Niassa amaitana kambalameka, iko n'kuwatsogolera ku mtengo wa njuchi. Iwo amatenga uchi, iko kamatsala ndi zisa. Makolo athu poona munthu wodya phula anapeka mwambi woti safunsa anadya phula. Mwambiwo tiufuna posachedwa.

Kuyeretsa phula sikovuta, koma kumafuna kudekha. Tsukani zisa kuti uchi wotsala uchoke, zimangeni m'kathumba ka nsalu, ikani kathumbako mumphika wa madzi n'kukasanjika mwala kuti kasayandame. Tenthetsani madziwo kufikira phula litasungunuka, koma asabwadamuke. Phula lidzadutsa m'nsalu n'kuyandama, ndipo mukalisiya usiku wonse mudzalipeza litalimba pamwamba pa madzi ngati chikondamoyo. Palani litsiro la kunsi kwake ndi mpeni. Madzi a mvula ndiwo abwino. Mphika wa dzimbiri, wa mkuwa, kapena ndowa ya zinki zimadetsa phula, chotero gwiritsani ntchito wa aluminiyamu kapena wa chitsulo chosachita dzimbiri. Zisa zakale zakuda musaziphatikize ndi zatsopano zoyera. Pa Likoma, pamene nkhuni zambiri zimachita kuoloka nyanja, dzuwa lingakugwirireni ntchito imeneyi mwaulere: bokosi lopakidwa utoto wakuda m'kati, lata lopendekeka loikapo zisa, kabeseni kolandira phula kumunsi, ndi galasi lovundikira pamwamba.

Posungunula phula loyeretsedwa kuti mupange kandulo, musaliike pamoto mwachindunji. Ikani phula m'chitini, chitinicho chikhale mumphika wa madzi otentha. Madzi sangapitirire madigiri 100, chotero amaliteteza phula kuti lisapse. Ndipo ngakhale pamenepo musalisiye nthawi yaitali, pakuti phula la njuchi limayamba kuda likapitirira madigiri 85.

Tsopano chingwe, ndipo pano ndikulankhula ndi inu a kunyanja mwapadera. Pagombe pali ulusi wambiri wosokera maukonde, wolimba ndi wopezeka mosavuta, ndipo munthu aliyense woyamba ntchitoyi amaufikira umenewo. Ulusi umenewo ndi wa nayiloni. Ukakhudza moto umakhwinyata n'kusanduka kampira kolimba, sumwa phula, ndipo kandulo imazima nthawi yomweyo. Chingwe cha kandulo chiyenera kukhala cha thonje lenileni. Ngati mukukayika, tenthani nsonga yake: thonje limanunkha ngati pepala lopsa n'kusiya phulusa lofewa, nayiloni amasungunuka. Mukapeza ulusi wa thonje musaupote ngati chingwe cha mbuzi, koma uluke patatu monga amalukira tsitsi. Nzeru imeneyi inatulukira ku France mu 1825 ndi munthu wotchedwa Cambacérès. Chingwe cholukidwa chimapinda chokha chikamayaka, nsonga yake n'kutulukira m'mphepete mwa lawi mmene muli mpweya wambiri, ndipo imapsereza yokha. Kale, pamene zingwe zinali zopota, munthu ankayenera kumadula nsonga ndi lumo kangapo usiku umodzi, apo ayi nyumba inkadzaza utsi. Dziwaninso kuti phula la njuchi ndi lomata kuposa la parafini, chotero limafuna chingwe chonenepako pa kandulo ya msinkhu womwewo. Mukatha kuluka, viikani chingwecho m'phula losungunuka, chiongoleni, chiume chili chowongoka.

Njira zopangira kandulo yeniyeniyo zilipo ziwiri zotheka pakhomo. Yoyamba ndi yoviika. Mumafuna chitini chachitali chodzaza phula. Mumagwira chingwe pakati, nsonga zake ziwiri n'kumaziviika pamodzi, kuzitulutsa, kudikira kuti phula ligwire, ndi kuviikanso. Kandulo yonenepa ngati chala chachikulu cha kumanja imafuna kuviika maulendo 20 kapena 30. Phula likatentha kwambiri limasungunula lija linamata kale, ndipo munthu amaviika mpaka dzuwa kulowa kandulo osanenepa. Likazizira kwambiri kandulo imatuluka ya mabampu. Madigiri 70 kapena kuposerapo pang'ono ndiwo oyenera phula la njuchi, koma wopanda choyezera amaphunzira kuona ndi maso: phula likayamba kuchita kakhungu m'mbali mwa chitini, lazizira.

Njira yachiwiri ndi ya chikombole. Nsungwi, paipi ya pulasitiki, ngakhale phesi la tsamba la papaya, zonsezi zimagwira ntchito. Pakani m'kati mwake sopo wonyowa kapena timafuta tophikira kuti kandulo idzatuluke mosavuta. Tsekani kunsi ndi chotsekera botolo chobooledwa pakati, lowetsanimo chingwe, matani kabowoko ndi dothi, ndipo imikani chikombole mumchenga. Kumwamba mangirirani chingwe pa kamtengo kopingasa kuti chikhale chokokeka ndiponso pakatikati penipeni. Thirani phula pang'onopang'ono. Phula likamazizira limanyala n'kusiya dzenje pafupi ndi chingwe. Boolani pamenepo ndi kamtengo, thiraninso phula lina. Amene amadumpha gawo ili amapanga kandulo yokongola kunja koma ya mphako m'kati, ndipo lawi likafika pa mphakoyo limakula mwadzidzidzi kapena kugweramo n'kuzima.

Zonsezi munthu angaziphunzire tsiku limodzi. Chimene chimatenga nthawi ndi chimene ine ndinachiphunzira mwamanyazi. Makandulo anga oyamba ndinawapanga ndi tizidutswa totsala, ndipo pofuna kuti akongole ndinasungunuliramo makrayoni ofiira a ana a sukulu. Anatuluka m'mapesi a papaya ali psuu, osalala, ndipo aliyense amene ndinamuonetsa anati, "Koma ndiye mwaikhoza, achimwene." Ndinapita nawo kwa mayi wina wachikulire amene kwa zaka zambiri ankatsuka zoikapo makandulo kutchalitchi kwawo. Iwo sanawayang'ane n'komwe. Anangoti, "Mwanangu, ubwere nayo imodzi kukada." Madzulo anaiimika pa mbale, naiyatsa, nakhala chete. Poyamba inayaka bwino, ine mtima n'kukhala m'malo. Patapita kanthawi lawi linayamba kuchepa, linasanduka kanyenyezi pakati pa dziwe la phula lofiira, kenaka linazima lokha.

"Agogo, kapena ndi mphepo?" ndinafunsa motero, ngakhale chitseko chinali chotseka.

"Mphepo yake iti? Chingwe chako chatsamwa ndi utoto uja. Ndipo n'chochepa. Anzako aja anakuyamikira chifukwa ukanakwiya. Ine ndine wokalamba, ukakwiya ndi zako."

Iwo anali kunena zoona. Utoto wa m'makrayoni ndi fumbi losasungunuka, ndipo limatseka timipata ta chingwe mmene phula limadutsa. Ndikanakhala kuti ndinapita nawo kumsika m'mawa mwake, ogula sakanabwera kudzandiuza chimene chalakwika. Wogula sadandaula kwa wopanga. Amangosiya kugula, n'kuuza anzake pachitsime.

Apa ndi pamene ndikufuna kutsutsana pang'ono ndi ulemu wathu. Ife timaona ngati mwano kuuza munthu kuti ntchito ya manja ake ili ndi chilema, makamaka ngati ali wamkulu kwa ife kapena mlendo pagulu. Timati "zili bwino" pofuna kusunga mtendere. Pa nsalu yopeta kapena mphasa ulemu wotere suwononga zambiri, popeza chilema chimaonekera poyera ndipo mwiniwake adzachiona tsiku lina. Koma chilema cha kandulo chimabisika mpaka usiku, m'nyumba ya munthu wina, mwina pafupi ndi neti yotetezera udzudzu. Anthu a pa Likoma sayenera kuphunzitsidwa zimenezi ndi ine. Wosema bwato sakhulupirira mawu a oonerera pamtunda. Amalikankhira m'madzi kuti aone ngati likupendama. Ndipo pachilumba pomwepo pali malo a amisiri otchedwa Katundu, amene anayamba mu 2006, kumene amayi ndi abambo amapanga nyali zopachika ndi zokongoletsa zina za mikanda ndi magalasi, zogulitsidwa mpaka kunja kwa dziko lino. Chinthu chopita kutali chotero chimayenera kukhutiritsa munthu amene sakudziwa wopanga ndipo alibe chifukwa chomuchitira ulemu. Kandulo yanu nayonso ikupita kwa munthu wotere, ngakhale akhale wa tsidya lina la mudzi.

Tsono ngati muli awiri, atatu kapena asanu amene mumapanga makandulo, kumanani madzulo amodzi pa mwezi, aliyense abwere ndi makandulo awiri ofanana. Lembani chizindikiro kunsi kwa kandulo iliyonse, ndipo mwana wina aziimike pathebulo mosakaniza kuti pasakhale wodziwa kuti iyi ndi ya yani. Njira yaing'ono imeneyi imamasula pakamwa: mtsikana amene sakanalimba mtima kudzudzula kandulo ya apongozi ake amanena momasuka kuti yachitatuyo ikufuka. Pakati pawo imikaninso kandulo imodzi ya m'sitolo, pakuti imeneyo ndiyo mukupikisana nayo. Tsekani mazenera, kandulo yoyesedwa pakhonde nyengo ya mwera siikuuzani kanthu, popeza mphepo imachititsa kandulo yabwino kudontha ngati yoipa. Dulani zingwe zonse zikhale zotalika ngati theka la sentimita, yezani kutalika kwa kandulo iliyonse ndi rula, lembani m'kope, yatsani zonse nthawi imodzi. Kenaka khalani pansi. Ola loyamba lisanathe musaweruze, pakuti makandulo ambiri amayamba bwino monga inayambira yanga ija. Kandulo yonenepa imafuna pafupifupi ola limodzi pa masentimita awiri ndi theka alionse a kupingasa kwake kuti phula la pamwamba lisungunuke mpaka m'mphepete.

Zimene mudzaona zili ndi tanthauzo lake, ndipo gulu likazolowera limaziwerenga ngati kalata. Lawi lalitali lovinavina, lotulutsa utsi kunsonga, ndi phula loyenderera m'mbali, zikunena kuti chingwe chakula. Kuti mutsimikize za mwaye, gwirani mbale yoyera pamwamba patali ndi lawi kwa kanthawi. Kandulo yabwino imaisiya yoyera. Lawi laling'ono lokumba dzenje pakati, makoma a phula n'kutsala chiimire, likunena kuti chingwe chachepa, kapena phula lili ndi litsiro lotseka chingwe; ndipo kusiyanitsa ziwirizi n'kosavuta, pakuti phula lomwelo mukalisefanso pa nsalu yothina n'kuyesanso ndi chingwe chomwecho mudzadziwa. Kandulo yodontha mbali imodzi yokha ili ndi chingwe chosakhala pakati, kapena yaima chopendama. Yothetheka ndi kulavula timadontho ili ndi madzi m'phula, amene kawirikawiri amalowa poyeretsa zisa kapena kuchokera mumphika wosungunulira. Kabowa kakuda kunsonga kwa chingwe kakusonyeza kuti chingwe chikumwa phula loposa limene lawi likutha. Potsiriza yezaninso kutalika, muone masentimita amene kandulo iliyonse yadya pa maola awiri. Nambala imeneyo ndiyo idzakuthandizani kuika mtengo, ndipo ndiyo mungauze wogula popanda kunama.

Podzudzula, nenani chimene maso anu aona, ndi nthawi imene mwachiona. Mawu oti "kandulo iyi si yabwino" sathandiza munthu. Amangomutumiza kwawo ndi mtima wowawa. Koma mawu oti "inayamba kufuka patatha mphindi 40, pamene chingwe chinatalika osapinda" amamupatsa poyambira. Wamng'ono pofuna kukonza wamkulu ali ndi njira imene makolo anatisiyira, yofunsa: "Amayi, kodi chingwechi chikanakhala cha timaulusi tocheperako, bwenzi chikufukabe?" Mayiyo amapita kukayesa ulemu wake uli wonse. Ndipo iwe wodzudzulidwa, usathamangire kusintha zonse nthawi imodzi. Ili ndilo tchimo lalikulu la oyamba kumene: auzidwa zinthu zitatu, asintha chingwe, asintha phula, asintha chikombole, ndipo kandulo yotsatira ikakhala bwino sadziwa chimene chaikonza, ikaipa sadziwa chimene chaiwononga. Sinthani chinthu chimodzi, lembani m'kope kuchuluka kwa timaulusi ta chingwe, kupingasa kwa chikombole, ndi kumene phula linachokera, pakuti phula la ku Nkhata Bay ndi la kutsidya lingasiyane mtundu ndi ukhondo, ndipo chingwe chimene chinayenera lina sichingayenere linzake.

Si uphungu wonse umene uli woyenera kuutsata. Pali anthu amene amaweruza kandulo poona chithunzi chake pa lamya ya m'manja, isanayatsidwe, n'kumalangiza ndi mtima wonse. Pali malangizo ochokera kumaiko ozizira, onena za phula la soya ndi zingwe zogulidwa ndi manambala, amene ali oona kwawoko koma sanayesedwe m'nyumba ya malata pa Mbamba mwezi wa November. Muyeso wanga ndi uwu: wolangiza amene anayatsa kandulo yanu n'kukhala nayo maola awiri ali ndi mawu, amene sanatero ali ndi maganizo chabe. Palinso mmisiri wobisa luso, amene amaopa kuti akaulula kalukidwe ka chingwe chake anzake adzamulanda ogula. Ndimamumvetsa, koma ndikuganiza kuti walakwitsa masamu. Pachilumba chaching'ono, makandulo opangidwa pakhomo akatchuka ndi utsi, mbiriyo imagwera onse, ndipo ogula amabwerera ku paketi ya m'golosale osafunsa kuti kandulo yoipayo anapanga ndani.

Pali uphungu umodzi umene mukaumva muukane pomwepo, ngakhale ukuchokera kwa munthu waimvi: kuthira parafini wa nyali m'phula kuti kandulo iziwala kwambiri. Phula la parafini ndi parafini wa koloboyi ndi apachibale, koma wa koloboyiyo amagwira moto msanga, ndipo chitini chonse chingasanduke lawi m'kamphindi. Phula likagwira moto pa mbaula musathire madzi, pakuti madzi amaphulitsa phula loyakalo n'kulimwaza pa anthu ndi padenga. Vundikirani ndi chivundikiro cha mphika, kapena thirani mchenga wouma, umene kunyanja simungausowe. Khalani nawo m'ndowa pafupi musanayambe. Ana akhale patali ndi chitini. Ndipo kandulo iliyonse, yoyesedwa kapena ya m'sitolo, iimikidwe pa mbale ya dothi kapena ya chitsulo, kutali ndi neti ndi nsalu za pazenera, ndipo isasiyidwe ikuyaka anthu akugona.

Makandulo atsopano musawayese tsiku lomwe atuluka m'chikombole. Asiyeni tsiku limodzi kapena awiri kuti phula lilimbe mpaka m'kati. Asungeni chogona, okulungidwa m'pepala, pansi pamene pali pozizira, osati pamwamba pa kabati pafupi ndi malata. Patapita miyezi, makandulo a phula la njuchi amatuluka kafumbi koyera pakhungu, ndipo ndamvapo anthu pagulu akuti achita nkhungu, awataye. Si nkhungu ayi. Ndi khalidwe la phula la njuchi lenileni, ndipo kafumbiko kamachoka mukapukuta ndi nsalu yofewa kapena kuwaonetsa padzuwa pang'ono.